Filimu yoseka olemera inatsala pang'ono kundilanda Felista

Ine vuto langa ndi pakamwa, ndivomeretu ndisanapite patali. Inu owerenga, ndinatsala pang'ono kutaya mkazi amene ndikukhala naye lero chifukwa cha filimu imodzi yomwe ndinaithira mawu a Chichewa pafoni yanga. Ndinapulumuka, ndipo ndinapulumuka mochititsa kaso, koma si onse angapulumuke choncho. Nchifukwa chake ndati ndilembe.

Kwathu ndi ku Nkhulambe. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma za foni palibe anandiphunzitsa, ndinazitulukira ndekha. Mukuwadziwa mafilimu akunja aja amene azungu amayankhula zawo, wina n'kumawayankhulira Chichewa pamwamba? Ntchito yanga ndi imeneyo. Ndimadzitsekera m'chipinda, mahedifoni m'makutu, bulangete kumutu kuti atambala asamveke, basi ndayamba. Mawu a bambo ndine, a mayi ndine, ngakhale galu akauwa ndine ndemwe. Ndikamaliza ndimapalasa njinga kudutsa pa Fort Lister mpaka pa Boma, kukawasiyira anyamata oberna mafilimu m'mamemori khadi.

Masiku ano kwachuluka mafilimu oseka anthu olemera kwambiri. Sindikunena olemera akwathu kuno a nyumba ya malata ayi. Ndikunena anthu oti ndege ndi yawoyawo, ndalama sadziwanso chochita nazo. M'mafilimumo amawaonetsa ngati makanda, kulira pa zinthu zopanda pake, antchito atangoima kuwayang'ana. Ine amenewa amandikoma koopsa. Ndiye ndinapeza ina ya mkulu wina amene anakonzera galu wake phwando la tsiku lobadwa. Tsiku la phwandolo antchito onse anatopa ndi kutukwanidwa n'kuchoka, ndipo mkulu uja ndi alendo ake anatsala okha m'mpanda, akulephera ngakhale kutsegula geti la nyumba yawo yomwe. Ndinaseka mpaka foni kugwa. Koma ndinati, kuti anthu a kuno aimve bwino, mzunguyu ayankhule ngati wolemera amene tonse timamudziwa.

Ku Nkhulambe wolemera amene tonse timamudziwa ndi a Mukhuna. Amagula nandolo, ali ndi chigayo, lole, ndi kagalimoto koyera. Kunyada kwawo ndiye musanene. Pakhonde pawo anaikapo matailosi, ndipo mlimi akabwera ndi thumba la nandolo amayamba wauzidwa kuti asase mapazi asanapondepo. Pamaliro amakhala m'galimoto magalasi atatseka. Amakonda kunena kuti iwo nsapato sapolisha, ikada amagula ina, komanso kuti fumbi la ku Nkhulambe limawadziwa, siliwatera. Chinanso, a Mukhuna ali ndi chibwibwi. Akapsa mtima mawu amawakakamira pakhosi.

Ine ndinatenga zonsezo, za nsapato, za fumbi, za matailosi, ndi chibwibwi chomwe, n'kumuveka mzungu uja. Dzina sindinatchule. Ndinkaganiza kuti pamenepo ndachenjera.

Tsopano mvetsani pamene panali uchitsiru wanga. A Mukhuna ndi atsibweni ake a Felista, mtsikana amene ndinali naye paubwenzi kwa zaka ziwiri. Ndiwo mwinimbumba, mawu omaliza pa ukwati wa Felista amachokera kwa iwo. Atsibweni anga anali atapita kale kukafunsira, ndipo anauzidwa kuti adzabwerenso nandolo akatha kukolola. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma Felista yemweyo ankadandaula kawirikawiri za matama a atsibweni akewo, ndiye ndinati adzaseka nawo, ndipo mkuluyo sadzaionera n'komwe, anthu otero saonera mafilimu a pafoni.

Filimu inayenda, abale. Sabata isanathe inali paliponse, m'magulupu a pafoni, m'mavidiyo sho, m'maminibasi. Pa Boma anyamata a kabaza ankandiimitsa kuti, "Aise, tayankhula ngati bwana uja pang'ono." Ana pachigayo cha a Mukhuna chomwecho ankasasa mapazi n'kumachita chibwibwi dala. Ine mutu unakula. Foni inkangolira, manambala achilendo, ena ochokera ku Mulanje, ena ku Zomba. Ndinkayenda ngati nanenso fumbi silinditera.

Anthu onse ankandiimbira, koma Felista yekha ndi amene anali chete. Ndikatumiza uthenga ankawerenga osayankha. Tsiku lachinayi ndinamutsatira kumsika kumene amagulitsa zitumbuwa. Ndinayamba ndi nthabwala, ndikuti kodi a Mukhuna akulipira zingati kuti undikwiyire. Sanaseke. Anavindikira beseni lake n'kundifunsa funso limodzi.

"Kodi inu mayi anga munayamba mwawamvapo akuyankhula?"

Ndinaganiza, ndinaganiza, yankho linali ayi. Mukudziwa mwambo wathu, mnyamata sayima n'kumacheza ndi amene adzakhale apongozi ake. Ndikawaona akubwera ndinkapatuka njira, tikakumanizana mwangozi ndinkanjuta chapatali, iwo n'kuwomba m'manja, basi. Zaka ziwiri zonsezo ndinkati ndi ulemu chabe.

"Chibwibwi chawo chimaposa cha atsibweni," anatero Felista. "N'chakumtundu. Dzana ali pamjigo ana amachita mawu anu aja kumbuyo kwawo, amayi anzawo n'kumabisa nkhope m'zitenje. Kuyambira tsiku limenelo madzi ndikutunga ndine. Kutchalitchi sanapite. Inu mumati mukuseka wolemera, koma wolemerayo ali m'galimoto magalasi otseka. Amene akuyenda pansi ndi mayi anga."

Inu owerenga, ine ndimayankhula, anthu amachita kundipempha kuti ndipume. Koma tsiku limenelo ndinangotembenuka n'kubwerera kunyumba. Madzulo ake atsibweni anga analandira uthenga wochokera kwa a Mukhuna wakuti asavutikenso kubwera, ukwati kulibe, mbumba yawo singapatsidwe kwa kamnyamata kopanda mwambo. Atsibweni anga anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Wadya mbewu, mphwanga."

Ndinakhala tsiku lathunthu osagwira foni, chinthu choti sichinachitikepo. Mawa lake ndinati ayi, chimene pakamwa pawononga, pakamwa pomwepo pakonze. Ndinalowanso m'bulangete muja masiku atatu n'kuithiranso mawu filimu yonse kuyambira poyamba. Chibwibwi ndinachotsa chonse. Za nsapato, za fumbi ndi za matailosi ndinazisiya, ndipo ndinawonjezerako zina, chifukwa zimenezo munthu amachita kusankha yekha. Poyambirira penipeni ndinaikapo mawu angaanga, osasintha, ndikupepesa kwa aliyense wa chibwibwi amene anasekedwa chifukwa cha ine.

Kenako ndinapalasa kupita pa Boma, shopu ndi shopu, kupempha oberna mafilimu kuti afufute yakale ija. Anakana, akuti ndi imene anthu akuifuna. Wina anati, "Man, mwalowa tchalitchi chanji?" Ndiye ndinawauza kuti amene safufuta, filimu yanga ina sadzaionanso, ndizikapereka kwa mnzake wa pafupi. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti ntchito yanga ili ndi mphamvu, chifukwa onse anafufuta ine ndikuona.

Atsibweni anga anachonderera mpaka banja la Felista linalola kuti tikumane. Linali Loweruka m'mawa, pansi pa mtengo wa mango kwa mayi ake a Felista. A Mukhuna anabwera pagalimoto, chonsecho nyumba yawo imaonekera pomwepo. Anabwera ndi akazi awo. Ine ndinagwada pa dothi, n'kupepesa monga anandilangizira atsibweni, maso pansi. A Mukhuna anayankhula nthawi yaitali. Anati filimu yonse iwonongedwe, yakale ndi yatsopano yomwe, ndipo ine ndisiyiretu ntchito imeneyi ndizikanyamula matumba kwa iwo kuti ndiphunzire ulemu. Akatero mwina adzaganizaganiza. Mumtima ndinati basi, ndisankhe Felista kapena ntchito yanga, ndipo ndinali nditatsala pang'ono kuvomera.

Pamenepo mayi ake a Felista, amene anakhala pamphasa chapatali, anakweza dzanja. Aka kanali koyamba kuti ndimve mawu awo. Anatenga nthawi kuti liwu loyamba lituluke, ndipo palibe amene anawathandiza kapena kuwamalizira, onse anangodikira. Ine manyazi anandigwira kuposa pamene ndinkagwada. Anati akufuna aione yatsopanoyo ndi maso awo.

Ndinaika foni m'kapu yachitsulo kuti mawu akwere, Felista n'kuwapititsira. Anamvetsera kupepesa kwanga nkhope ili gwa. Filimu inayamba. Pamene mzungu uja ankauza dokotala wa galu kuti asase mapazi asanaponde matailosi, ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Pofika pa nsapato anali akupukuta misozi ndi chitenje. Akazi a a Mukhuna anayang'ana kumbali, koma nawonso msana unkawagwedezeka.

Mayi anabweza foni, n'kutembenukira kwa mchimwene wawo. Ndilemba zimene ananena, osati mmene zinatulukira.

"Achimwene, chibwibwi ichi ine ndi inu sitinachigule, tinabadwa nacho. Pamenepo mwanayu analakwa, ndipo wapepesa, ine ndamva. Koma zosasitsa anthu mapazi munagula nokha pamodzi ndi matailosi. Inenso mlongo wanu munandisasitsa chaka chatha."

A Mukhuna anayang'ana uku ndi uku. "Ndiye mukuti ine ndimatero?"

Atsibweni anga ankayang'ana nyerere. Amene anayankha ndi akazi awo, motsitsa mawu. "Mumatero, bambo."

Mayi anapitiriza kuti Felista anamubereka ndi iwo, ndipo mkamwini amene amadziwa kubweza mawu ake iwo akumufuna, chifukwa ena pamudzi pano sanabwezepo mawu chibadwire. Anati filimu yatsopanoyo isafufutidwe, ndipo Felista awaikire mufoni mwawo.

A Mukhuna anaimirira, n'kuzunguza makiyi pachala kwa kanthawi. Ndinkayembekezera kuti aphulika. Koma anauza atsibweni anga kuti asankhe tsiku la chinkhoswe, n'kuwonjezera kuti anthu a kwathu adzatengedwe pa lole yawo, asadzabwere pa njinga kudzawachititsa manyazi. Analowa m'galimoto n'kuyenda ulendo wawo wa mayadi ochepa aja.

Abale, ndinatuluka pamudzi paja ndikuyenda mwaulemu, koma nditangokhota pa chigayo ndinakuwa mpaka agalu anandithamangitsa. Felista ndinamupeza, ntchito sindinasiye, filimu sinafe. Ndipo yatsopanoyo inayenda kuposa yakale, anthu akuti ikukoma kwambiri chifukwa mawu akumveka bwino. Chinkhoswe chinachitika, lole inabweradi. Pano ndine mkamwini pamudzi pomwepo, nyumba yanga ili kuseri kwa apongozi. Matailosi akadalipo, koma alimi akuti masiku ano mkulu uja amangoyang'ana mapazi ako n'kumeza mate.

Komabe pali chimene sichinakonzeke. Yakale ija sinathe. Chinthu chikalowa m'mafoni a anthu sichibwerera. Mwezi watha ndili mu minibasi pa Boma, mnyamata wina kumbuyo ankaionera mokweza, anthu n'kumaseka, ndipo mawu amene ankachita chibwibwiwo anali anga. Ndinamupempha kuti afufute, anandifunsa kuti ndine ndani. Nditamuuza anafuna tijambulitse limodzi, koma kufufuta anakana.

Ndiye anzanga amene mumaonera mafilimu oseka olemerawa n'kumafuna kupanga zanu, mverani ine. Amene amapanga mafilimu aja kunjako amaseka anthu oti sadzakumana nawo pachigayo kapena pamaliro. Ife kuno wolemera ali ndi mlongo wake amene amatunga madzi pamjigo umodzi ndi mayi ako. Sindikuti musawaseke ayi. Asekeni ndithu, ena mankhwala awo ndi omwewo, ndaona ndi maso anga. Koma musanatumize, khalani pansi musiyanitse zimene munthu amachita dala ndi zimene anabadwa nazo. Kunyada n'kwake yekha. Chibwibwi, kutsimphina, maso, khungu, zimenezo ali nazo pamodzi ndi anthu ambiri osalakwa amene simukuwadziwa, ndipo kuseka kukayamba kumafikira iwowo poyamba.

Pempho langa ndi limodzi. Ngati mufoni mwanu muli filimu ya phwando la galu ija, yomwe bwana wake amachita chibwibwi, chonde fufutani. Mukandipeza pa Boma ndikuikirani yatsopano ulere. Imeneyo ndi imene apongozi anga amaonera.