Atelala a Makina Opalasa

Atelala a pakona pa msewu amasoka ndi makina akale opalasa, ndipo pakamwa sipapuma. Amauza kasitomala aliyense kuti dzuwa limakulitsa chakudya, chakudya chimalimbitsa miyendo, miyendo n'kuvinitsa singano.

Tsiku lina magetsi atazima, mlongo wawo wosokera makina amagetsi anatulukira ali wefuwefu, atanyamula diresi la mkwatibwi losamaliza. Ukwati unali mawa lake.

"Achimwene, ndipulumutseni, ndichita manyazi ine!"

Atelala anamusiyira mpando mokondwa. Anapalasa mayiyo mpaka diresi linatha, koma poimirira miyendo inkangonjenjemera.

"Kodi mphamvu zanga zapita kuti?"

"Sizinasowe, mlongo wanga," anatero atelala akuseka. "Zina zatenthetsa makinawa, zinazo mkwatibwi azivala mawa."