Ndinatsinzina M'khoti

Nditangokhala nzika ya Amereka, anandiitana kukhoti ku Indianapolis kukakhala m'gulu la anthu wamba ogamula mlandu. Pambali panga panakhala a Curtis, bambo wosaona. Madzulo ndinauza amuna anga kuti, "Koma dziko lino! Munthu wosaona agamula bwanji mlandu woti umboni wake ndi vidiyo?"

Woimbidwa mlandu anatema mnzake kumaso ndi botolo panja pa sitolo ku Lafayette Road, ndipo ankati ankadziteteza. Vidiyo itayamba, botolo litangophwanyidwa pagalimoto, ine nesi wathunthu ndinatsinzina mpaka kumapeto. Ndinangomva kukuwa.

M'chipinda chokambirana, a Curtis anatembenukira kwa ine. "Paja ndinu nesi, zotere munazizolowera. Anayamba kumenya ndani?"

"Wovulalayo," ndinayankha molimba mtima, ngati ndinaona.

A Curtis anandithokoza. Mayi wina anamenya tebulo. "Bodza! Manja ake anali m'matumba!"

Anatibwerezera vidiyo, ndipo poti onse ankandiyang'ana, ndinaionera yonse. Botolo linang'amba tsaya mpaka mano kuonekera, magazi kuthovokera pagalasi la galimoto. Munthuyo anagwa manja akadali m'matumba, woimbidwa mlandu uja n'kumuponda pakhosi. Ndikanapulumutsa chigawenga chifukwa choopa manyazi.

Tinamupeza wolakwa. Potuluka, a Curtis anandipempha kuti ndiwaperekeze pokwerera basi, atandigwira mkono.

"Pepani bambo, paja sindinaonetsetse," ndinatero. Zotsinzinazo sindinaulule.

"Musadandaule," anatero akumwetulira. "Maso amanamiza."