Chaka Chimene Ziwala Zinaleka Kuthawa

Botolo lija ndimalikumbukabe. Linali la mafuta ophikira, lotsekera ndi chitsononkho, ndipo ndinkasungiramo ziwala. Botolo limenelo linandichotsera amayi ndi mlongo wanga pakhomo. Wina asandiuze kuti inali ngozi chabe.

Tinkakhala ku Area 12, koma musayese kuti tinali olemera. Abambo ankasamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ya abwana ena, ife n'kumagona m'kanyumba ka antchito kuseri. Kuseriko kunali katchire. Munali mtengo wa mpoza, chisoso, luni ndi therere lomera lokha, ndipo amayi ankathyolamo ndiwo. Mvula ikagwa achule ankasokosa, abuluzi ankathamangitsana pa mpanda, atimba ankadzaza mu mpozamo. Ziwala za mmenemo zinali zochenjera. Kuti ugwire zodyera nsima imodzi, unkayamba wakhetsa thukuta.

Chaka chimenecho abwana anati malo akungowonongeka. Abambo anagwetsa mpoza, anagalauza ponse, n'kudzala chimanga chokhachokha mpaka kumpanda. Chitafika m'mawondo, mbozi zinalowa m'nsonga. Amayi anali ndi timizere tawo kuseri kwa kanyumba kathu. Iwo ankathira phulusa ndi dothi m'nsongamo, n'kuwaza msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere zidzalume mbozi. Sindinama, mbozi sizinkatha zonse. Koma phulusa silinagonekepo munthu m'chipatala.

Abwana analibe nthawi yodikira nyerere. Anabwera ndi mpope wobereka kumsana ndi mankhwala onunkha ngati palafini. "Upopere paliponse," anatero. Abambo anangoti, "Chabwino, bwana." Atapopera, anatichenjeza kuti tisathyole tsamba lililonse m'mundamo. Za ziwala palibe anaganiza.

Ine m'munda sindinalowemo. Tsiku lotsatira ziwalazo zinabwera zokha pa kapinga, zambirimbiri, zili phee, timiyendo tikunjenjemera. Mlongo wanga, yemwe anali asanayambe n'komwe sukulu, ankazitola ndi zala ziwiri uku akuseka. "Achimwene, lero zatopa." Botolo linadzaza msanga. Amayi anali akusita zovala m'nyumba yaikulu. Ndinathothola mapiko, ndinakazinga pa chiwaya ndi mchere, ndipo zonenepa zonse ndinapatsa iye chifukwa ndiye anali wamng'ono.

Dzuwa lisanapendeke anayamba kutuluka dovu. Thukuta linanyowetsa diresi lonse. Anasanza, anasanzanso, kenako miyendo yake inayamba kunjenjemera ndendende ngati ya ziwala zija. Nditamuyang'ana m'maso, timwana ta diso tinali titachepa ngati njere za mawere. Nanenso m'mimba munkandipota, koma mantha anaposa ululu.

"Mwadya chiyani?" anafunsa amayi. Ndinaloza botolo. Abambo analinunkhiza, n'kukhala pansi pa dothi. Ndinali ndisanawaonepo atakhala choncho.

Abwana anali atapita ku ukwati ndi galimoto. M'misewu ya kumeneko minibasi sizidutsa. Abambo anabereka mwana, amayi patsogolo akugogoda mageti, ine pambuyo ndikusanza m'ngalande. Mipanda yaitali mbali zonse. Agalu akuuwa mkati. Alonda ankangotsegula kabowo ka pa geti n'kunena kuti, "Abwana kulibe." M'nyumba iliyonse munali galimoto, ndipo ife tinkaziona pansi pa geti. Mutu wa mlongo wanga unkangogubuduka pa msana wa abambo, ndipo ine ndinkaopa kumuitana dzina, poti mwina sakanayankha. Pomaliza mlonda wina wachikulire anatulutsa njinga yake yakapalasa. "Thamangani, achimwene, za njinga tidzakamba."

Tinafika kuchipatala, ndipo mlongo wanga anachira. Ine anangondimwetsa mankhwala, koma iye anagonako masiku ndithu, mpaipi uli m'mphuno. Atatuluka, amayi sanabwererenso ku Area 12. Anamutengera kumudzi molunjika. Mawu awo anali akuti, "Kumene chiwala chikupha, ine mwana sindilererako." Ine anandisiya ndi abambo chifukwa cha sukulu. Sukulu yomweyo ndinadzailekera panjira, ndiye mundiuze chimene ndinatsalira.

Kuseri kwa nyumba kuja kunali zii. Abuluzi anali gada m'munsi mwa mpanda. Ndinapeza timba atauma pamene panali mpoza. Mvula inagwa, koma chule sanalire ndi mmodzi yemwe. Ndinayamba kuopa dothi. Sindinkapondanso pa kapinga wopanda nsapato, ndipo ndiwo iliyonse ndinkayamba ndainunkhiza. Mbozi zokha n'zimene zinabwerera, zochuluka kuposa kale. Lero ndikudziwa chifukwa chake: zonse zimene zinkadya mbozizo tinali titazipha.

Abambo anaberekanso mpope. Ndinawagwira buluku ndikulira. Anandichotsa dzanja pang'onopang'ono. "Nyumba ino si yathu, mwanawe."

Anapopera munda wonse, koma anasiya kachigawo kopapatiza m'mbali mwa mpanda. Sanapoperepo, sanapalirepo. Ine ndinkayesa kuti mankhwala anawathera. Chisoso chinameranso, luni anayala pansi, maluwa a therere anaitana njuchi. Abwana akadutsa ankakalipa kuti pakuoneka uve. Abambo ankavula chipewa n'kunena kuti, "Ndilima mawa, bwana." Mawa limenelo silinafike. Akanatha kuchotsedwa ntchito chifukwa cha udzu umenewo, ndipo ankadziwa.

Chimanga chitayamba kuuma, ndinaona chiwala pa tsamba la chisoso m'kachigawo kaja. Ndinachiyandikira mwakachetechete. Ndinatambasula dzanja, osati kuti ndichigwire, koma kuti ndione ngati chikunjenjemera. Chinadumpha, n'kuuluka kupitirira mpanda.

Kumbuyo kwanga abambo anaseka. Anaseka mpaka anatsamira khasu, akupukuta m'maso ndi chipewa. Ine ndinangowayang'ana. Sindinkamvetsa kuti munthu wamkulu angasangalale bwanji ndiwo itathawa.