Matabwa a Pabalaza

Nditabwerako ku migodi ya ku Joni ndinamanga nyumba ya njerwa kwathu, kumtunda kwa Nsipe. Pabalaza ndinakhoma matabwa a paini kuzungulira khoma lonse, monga ndinaonera mu ofesi ya kapitawo wa pamgodi. Vanishi ndinapaka ndekha. Matabwawo anali otuwa bwino ngati nsungwi youma, ndipo anthu ankabwera kudzangoona.

Zaka zitapita, vanishi uja anafiira ngati lalanje lakupsa. Ine sindinaonepo vuto.

Mayi a kunyumba atadwala chifuwa, tinawasamutsira pabalazapo chifukwa ndi pamene pamalowa dzuwa. Tsiku lina masana anandiitana.

"Abambo, kodi mwandiika kale m'bokosi?"

"Mukuti chiyani inu?"

"Taonani khomali. Si mtundu womwe uja wa mabokosi a maliro amene amayala kumsewu? Ndikatsegula maso ndimangodikira chivundikiro."

Iwo anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinayang'ana khoma, ndipo ankanena zoona.

M'mawa mwake ndinapita ku sitolo ya mnzanga wina wachisilamu kukagula sandipepa. Iye anati, "Achimwene, vanishi wakale sachoka ndi manja a nkhalamba. Tengani penti yoyera, lero lomwe nkhani ithe." Ndinakana. Paini wanga kumubisa ndi penti ngati khoma la sukulu? Ayi.

Ndinayamba kukhula. Sandipepa ankangomata, mapewa ankawawa. Fumbi lake linkatera pa bulangete la odwala. Sabata inatha, koma ngakhale khoma limodzi silinathe.

Kenako ndinaganiza zoti mtunduwo ndiudetse. Kwathu kuno mitengo ya denga timaipaka oilo wakuda wa galimoto kuti chiswe chisadye, ndipo mtengo umada bwino. Ndinapempha chigubu kwa makaniko, ndinapaka ndi sanza. Mtengo wa denga umamwa oilo. Vanishi samwa. Oilo anangokhala pamwamba, kuyenderera, kununkha nyumba yonse. Mayi anayamba kubanika.

Mwana wathu wamkazi, amene anakwatiwa ku Kasinje, anafika mawa lake. Anaima pakhomo atatseka mphuno.

"Bambo, mukufuna muwaphe amayi ndi fungoli?"

Anawatenga. Powakweza pagalimoto, mayi anandigwira dzanja, nati, "Mukamaliza mudzanditenge, ndidzaone." Anamwalirira komweko mvula isanayambe, m'nyumba ya mkamwini, osati mwawo.

Ndikanamvera za penti ija, akanagona pabalaza pawo poyera mpaka tsiku lawo.

Bokosi ndinakagula ndekha. Ndinauza kalipentala kuti asapake kanthu, matabwa akhale choncho. Pamaliro ndinamva anthu akunong'ona kuti munthu wa ku Joni waika mkazi wake m'bokosi la amphawi.

Khoma lija lilipobe: kwina kotuwa, kwina kwakuda, kwina kofiira. Ana akuti abweretse mmisiri. Ndawaletsa. Amene ndinkawakonzera kulibe, ndipo mtundu wofiirawo ine sukundiopsa.