Mwini Nyumba Sakhala Pansi

M'tawuni mwathu muno mukafunsa za Cordell Pettway, anthu akuyang'anani ngati mwasochera. Koma mukangoti Kole, ngakhale mayi wogulitsa tsabola pamsika akulozerani njira. Ndi uja wamtali ngati mlongoti, wakuda, woyenda mokoka mwendo wakumanzere, amene amaweramitsa mutu pakhomo lililonse ngakhale lalitali, poti makomo athu anamuphunzitsa ulemu ndi zotupa za pamphumi. Masiku ano amaphunzitsa basiketibolo atsikana a kusekondale, ndipo amawakalipira m'chilankhulo chathu, chimene amachipotoza mpaka anawo kufa nalo phwete.

Anabadwira ku Alabama, m'dziko la Amereka, kwa mayi wolera yekha ana, amene ankaphika chakudya pasukulu ina. Kukoleji ankasewera bwino ndithu, koma ligi yaikulu yakwawo imatola ochepa, ndipo tsiku losankha osewera dzina lake silinatchulidwe. Ejenti wina womupezera matimu anamuuza kuti kutsidya kwa nyanja ntchito ilipo. Anayambira ku Finland, kumene dzuwa linkalowa iye asanatsirize nkhomaliro. Kenako Portugal, kenako Cyprus, Hungary, chaka chilichonse jezi ina, kochi wina, ndi nyumba ina ya bedi lomuperewera miyendo.

Moyo wa wosewera wobwera ndi wotere: timu ikapambana, apambana onse, koma ikagonja, wagonjetsa ndi mlendo. Ife tikudziwa bwino zimenezi, poti okuwizawo ndife amene. Kwina anamuchotsa ntchito pakati pa sizoni, nkhaniyo n'kuimvera kwa wogulitsa nyuzipepala. Motero anaphunzira kusapachika chithunzi pakhoma, kusagula mphika, kusaloweza maina a anthu oyandikana nawo nyumba. Zikwama zake ziwiri zinkakhala kuseri kwa chitseko, zomasula theka. Mayi ake akamufunsa pafoni ngati ali ndi anzake, ankati, "Alipo, amama," n'kusintha nkhani. Anali wosungulumwa, ndipo anali atazolowera moti sankadziwanso dzina la chimene chinkamupwetekacho.

Kwathu kuno anafika atayandikira zaka makumi atatu. Amene anakamutenga pabwalo la ndege ku Belgrade anali a Milisav Jeremić, dalaivala wa basi ya timu yathu, bambo wamfupi wa ndevu zoyera zapamlomo, wolankhula ngati wailesi. Chingelezi sankachidziwa, koma zimenezo sizinawaletse. Njira yonse anamufotokozera za makochi opusa amene anawanyamulapo ndi za mitengo yawo ya mapulamu, Cordell akungogwedeza mutu. Pofika m'tawuni dzina lake linali litasanduka Kole.

"Iwe mlongoti," ankatero a Milisav timu ikamakwera basi, "khala kutsogolo kuno utambasule miyendoyo. Usandithyolere mipando."

Mpando wa pafupi ndi dalaivala unakhala wake kuyambira pamenepo.

Chakumapeto kwa Okutobala a Milisav anamugwira pamkono masewera atatha, n'kukodola kaputeni wa timu kuti amasulire.

"Akuti mkucha ndi slava yawo," anatero kaputeniyo, "tsiku la Luka Woyera, woyang'anira banja lawo kuyambira makolo. Akuti ubwere. Ndipo m'mawa usadye kanthu, ndakuchenjeza."

Anapita. Pakhomo anamulandira mayi Desanka, akazi awo a Milisav, ndi supuni ya tirigu wophika wotsekemera, uja timadya pokumbukira omwe anatisiya. Kandulo yaitali inali kuyaka patsogolo pa chithunzi cha woyerayo. Anthu anali thithithi. Mawondo a Kole anakana kulowa pansi pa tebulo, choncho anakhala chammbali, mayi Desanka akumuunjikira nyama ya nkhumba ndi ina yokulunga m'masamba a kabichi, ngati akudyetsa anthu atatu. Dzuwa litapendeka anazindikira kuti a Milisav sanakhalepo pansi chiyambire, akungozungulira ndi botolo la rakija, kachasu wathu wa mapulamu uja. Kole, mwana woleredwa bwino, anadzuka n'kuwakokera mpando wake.

Nyumba yonse inafa nalo phwete.

"Ndikhale? Kandulo ikuyaka?" anakuwa a Milisav, kaputeni akumasulira uku akupukuta misozi ya kuseka. "Iwe, kodi kwanu anakulera ndani? Mwini nyumba sakhala pansi pa slava. Woyera wabwera kudzacheza, ine n'kumatambalala? Khala pansi apo, idya!"

Madzulo ake Kole anaimbira mayi ake foni. "Amama, lero ndadya pakhomo pa anthu," anatero, ndipo mayiwo anamufunsa ngati anakumbukira kuthokoza.

Sizoni itatha, Kole anachita chimene anali asanachitepo. Timu ina yaikulu inamufuna, iye n'kukana, n'kusainanso kwathu. Ejenti wake anati wapenga. Anagula mphika, anapachika chithunzi cha mayi ake pakhoma, nayamba kuthyola chilankhulo chathu ndi aliyense womumvera.

Okutobala atabweranso, anagula botolo la vinyo ndi paketi ya khofi, n'kuzikulunga bwinobwino, n'kuyamba kudikira. M'basi a Milisav ankasimba za nkhumba imene anenepetsa, za kabichi amene mayi Desanka aviika mumchere, za wansembe amene amachedwa chaka chilichonse. Koma mawu oti "ubwere" sanatuluke. Kole anatchera khutu mpaka tsiku lomaliza, osamva kanthu. Ndipo mayi ake anali atamulera ndi lamulo limodzi lolimba: pakhomo pa anthu usamapite osaitanidwa, makamaka ndi khungu lakoli, usadzapatse munthu mpata wokutsekera chitseko pamaso.

Pa tsiku la Luka Woyera anavala malaya ake oyera n'kukhala pabedi, foni ili pambali. Inafika nthawi ya nkhomaliro, inadutsa. Kutayamba kuchita mdima anavula malaya aja. Mlendo ndi mame, anadziuza. Chaka chatha ndinali chachilendo choti anthu aone, chaka chino ndakamuka. Chithunzi chija anachichotsa pakhoma n'kuchibwezera m'chikwama. Zinamupweteka kuposa tsiku lija anamva za kuchotsedwa kwake kwa wogulitsa nyuzipepala, chifukwa ulendo uno anali atakhulupirira.

Chimene sankadziwa n'chakuti kutsidya kwa mtsinje a Milisav anali atakweza tebulo lonse pa njerwa kuti mawondo ake alowe. Alendo aafupi anadya mbale zili m'chibwano. Mpando umodzi unakhala wopanda munthu tsiku lonse, mwini nyumba akuzungulira ndi botolo lake, maso ali pawindo.

"Mmereka wanu uja ali kuti, a Milisav?" anafunsa mlamu wawo wina, wa pakamwa posasunga mawu. "Kapena wapeza kodyera kwabwino?"

Tsiku la ulendo wotsatira Kole anakwera basi n'kupitirira mpaka mpando wakumbuyo. A Milisav anayang'ana msewu. Amuna awiri, onse ovulala mumtima, onse onyada ngati atambala, anatha nyengo yonse yachisanu akupatsana moni wa pamphuno. Anzake a m'timu ankadziwa kuti Kole sanapite ku slava, ndipo ankamuona ngati wamwano, koma palibe anaganiza zomufunsa, poti kwa ife kunali kosatheka kuti padziko pakhale munthu wosadziwa chinthu chodziwika chotero. Iyenso sanafunse. Safunsa anadya phula. Mpira wake unazilala, ife tinamukuwiza monga mwa chizolowezi chathu, ndipo chisanu chisanathe anasaina ndi timu ya ku Romania.

Amene anaphulitsa chithupsacho anali mayi Desanka. Anamukumaniza pamsika, kutatsala masiku ochepa kuti anyamuke.

"Kole! Ima pomwepo. Usandiyang'ane ngati sukundidziwa."

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka bwanji? Tandiuza, chakudya changa chinakutsegula m'mimba? Kapena nyumba yathu inakuchepera? Bambo ako aja anaimirira tsiku lonse maso ali pawindo, tebulo atalikweza pa njerwa chifukwa cha mawondo akowo, alendo anga kumadya ngati ana!"

"Koma mayi, simunandiitane."

"Sitinatani?"

"Simunandiitane. Ndinadikira. Vinyo ndinagula, akadali kunyumba."

Mayi Desanka anatula chikwama chawo pansi. "Ambuye wanga! Si tinakuitana chaka chijachi?"

"Chimenecho chinali chaka chija."

"Nanga ku slava amaitana kawiri? Ukaitanidwa kamodzi, basi, waitanidwa mpaka imfa, iwe ndi ana ako omwe. Woitanidwa chaka ndi chaka ndi mlendo. Wapakhomo amangobwera. Utali wonsewu, nzeru zinatopera m'khosi?"

Kole analira pomwepo, pakati pa anyezi ndi mbatata, anthu akuonerera. Mayi Desanka anafuna kumupukuta misozi koma nkhope inali kutali, choncho anangomusisita pachigongono uku akumutukwana pang'onopang'ono.

Masana omwewo anawoloka mtsinje ndi vinyo uja. Anawapeza a Milisav akudulira nthambi za mapulamu, nkhani ataimva kale kwa akazi awo.

"Wachedwa," anatero osatembenuka. "Nkhumba inatha." Analandira botololo n'kuliyang'ana monyoza. "Vinyo wa m'sitolo. Wagula ndi maso kapena ndi mapazi?" Kenako anatembenukira kumtengo n'kumina kwa nthawi yaitali.

Ku Romania Kole anapitabe, poti anali atasaina. Atachoka kumeneko anasewera ku Bulgaria, kenako ku Greece, kenako ku Bulgaria komweko. Koma kulikonse kumene anali, Okutobala akamatha ankakwera basi kapena sitima, n'kutulukira pakhomo pa a Milisav ndi khofi wake m'manja, osaimba foni, osalonjeza. Kochi wina anamukhazika pabenchi chifukwa cha ulendo umenewu, iye osadandaula. Njerwa zija sizinachotsedwenso pansi pa tebulo.

Bondo linamuthera ku Bulgaria. Analumpha monga ankalumphira masiku onse, potera n'kumva kuti phwa. Madokotala anang'amba, anasoka, anang'ambanso, koma mwendo sunabwerere. Ejenti uja anasiya kuyankha foni. Mayi ake anali atamwalira chaka cham'mbuyo mwake, ndipo m'nyumba ya ku Alabama munali mutalowa anthu ena. Chaka chimenecho anafika ku slava ndi ndodo zoyendera ndi zikwama zake ziwiri zija, osadziwa kolowera mawa lake. Alendo atabalalika, a Milisav ananyamula zikwamazo n'kukaziika m'chipinda cha mwana wawo Snežana, amene anakwatiwa ku Germany. Patapita miyezi, ntchito ya kusukulu ija inapezeka.

Chaka chathachi a Milisav anadwala matenda opha ziwalo. Anatuluka m'chipatala pakamwa patapotoka, miyendo itakana. Mwana wamwamuna analibe, ndipo Snežana, monga mwa mwambo, amasunga slava ya kwa mwamuna wake. Okutobala atayamba, a Milisav anaitana akazi awo.

"Chaka chino kabichi usaviike."

"Mukuti chiyani, bambo inu?"

"Kandulo ya bambo anga iziyaka ine ndili pampando ngati mlendo? Bola izime."

Mayi Desanka anathawira kukhitchini. Kole anali pakhomo, atamva zonse. Anayamba kubwerera m'mbuyo mwakachetechete, monga anazolowerera pa nkhani za eni ake, koma anaima. Kukhala chete kunali kutamudyera kale chaka chathunthu.

"Bambo, nthawi ija sindinafunse, munaona zimene zinachitika. Lero ndifunsa. Kodi woimirirayo ayenera kukhala wa magazi anu?"

A Milisav anamuyang'ana. "Ayenera kukhala wapakhomo."

"Nanga ine ndine wakuti?"

"Ndi bondo lakolo? Ugwera alendo anga, uphe atatu."

"Linalo likadalipo."

"Desanka!" anakuwa a Milisav ndi pakamwa pawo popotokapo. "Kabichi uja ukudikira chiyani?"

Tsikulo ine ndinalipo. Wansembe anachedwa monga mwa masiku onse. Atadula mkate wa slava n'kuuthira vinyo, Kole anawerama mpaka pampando wa a Milisav kuti manja a onse awiri augwire pouzunguliza. Kenako mkuluyo anatulutsa machesi m'thumba, n'kuwaika m'dzanja la Kole, n'kuloza kandulo ndi chibwano.

Kole anaimirira kuyambira m'mawa. Ankalandira alendo pakhomo ndi supuni ya tirigu, ankazungulira tebulo ndi botolo, mutu ukupewa nyale ya kudenga. Pofika masana bondo linali litatupa moonekera m'buluku, thukuta lili kamukamu, ndipo akaganiza kuti palibe akumuona ankatsamira khoma ndi dzanja limodzi. Mayi Desanka ankayang'ana kumbali. Panali mlendo wina watsopano, dokotala wa ku Belgrade amene anabwera ndi mkazi wake, munthu wachifundo ndithu. Ameneyu anadzuka n'kukoka mpando.

"Achimwene, takhalani pang'ono. Mwendowo ukunjenjemera."

Kole anamuyang'ana kuchokera kumwamba kuja.

"Ndikhale? Kandulo ikuyaka? Kodi kwanu anakulerani ndani?"

A Milisav anaseka ndi theka la pakamwa mpaka misozi, ndipo kuseka kutatha misoziyo inapitirirabe. Kole anawathirira rakija pang'ono, n'kuwagwirira tambulayo mpaka atamwa. Kenako anakoka mwendo wake kubwerera pakhomo, poti ena anali akugogoda.