Mitsuko ya Mayi Bahiya

A Zaghloul mphuno ali nayo, yaikulu ngati ya ngamila, koma ndi yokongoletsa nkhope basi. Unyamata wawo wonse anathera pothira petulo m'magalimoto pamsewu wopita ku Minya, mpaka fungo lililonse linawathawa. Ine ndimamata matayala moyang'anana ndi nyumba yawo, ndiye ndikunena zomwe ndinaona. Munthu ameneyu anadyapo nyemba zosasa n'kunyambita zala, ife tikuthawira panja.

Pothirira petulo paja anatsekapo kalekale. Thanki yapansi anaifukula ili dzimbiri lokhalokha, yobooka, dothi lozungulira lili bii. Kenako a zachilengedwe anazika mapaipi pansi kuyambira padzenjepo kutsikira kunyumba zathu, lililonse ndi chivundikiro chake ndi loko, kuti aziona kumene mafuta otayikawo akulowera. Makiyi anasiyira a Zaghloul. Kunyada kwake! Ankayenda nawo m'khosi ngati awapatsa unduna.

Koma ntchito yawo yapamtima inali mitsuko. Pachipata pawo, pamthunzi wa mkuyu, pamakhala mitsuko yamadzi ya malemu akazi awo, Mayi Bahiya, kuti wodutsa amwe n'kuwapempherera. M'mawa uliwonse a Zaghloul ankapopa pamjigo wa kuseri kwa nyumba n'kuidzaza, kenako n'kukhala pampando kumamvetsera aliyense akuti, "Mulungu awachitire chifundo."

Woyeza madzi anali Shaimaa, injiniya wachitsikana wosachedwa kuseka. Ankabwera pakapita miyezi, kutsitsa kachubu ndi chingwe m'paipi, kukayang'ana padzuwa, n'kuthira madziwo m'timabotolo.

"Mwana wanga," ankatero a Zaghloul, "ulendo wonsewu kudzatenga madzi a m'supuni? Tenga ndowa!"

Ulendo wina Shaimaa sanaseke. Anati mafuta afika papaipi yoyandikana ndi mpanda wawo, ndipo anapempha madzi a pamjigo.

"Madzi a Bahiya? Ndimamwa tsiku lililonse, ndi ozuna!"

"Achimwene," ndinakuwa ndili kwanga, "inu mungamve chiyani? Bulu atafera kunsi kwa bedi lanu mungadziwire ntchentche."

"Tseka pakamwa iwe, pita ukapope tayala!"

Anamulola komabe, akung'ung'udza.

Tsono zoona zake n'zakuti msewu wonse tinali titamva kale kafungo m'madzimo. Koma ndani angayime pamaso pa munthu wofedwa n'kunyoza madzi a mkazi wake? Tinkangogunditsa kapu pamlomo, kupemphera mokweza, n'kukhuthulira patsinde la mkuyu. Tinawauza mozungulira kangapo kuti iwo azimwa a kumpopi, koma ankangoti ndi nsanje. Mlendo akafuna kumwa, Mayi Wagida ogulitsa buledi ankamukodola n'kumupatsa a m'botolo lawo.

Shaimaa atabweranso anakhala pansi pafupi ndi mpando wawo. "Amalume, mjigo uja tiutseka lero. Inunso mupite kuchipatala akakuoneni. Mitsukoyi yamwa mafuta, pafunika ina."

A Zaghloul anayang'ana mitsuko ija. Ine ndinamva chisoni chomwe sindinamvepo ngakhale pamaliro a Mayi Bahiya.

"Ndiye ndakhala ndikumwetsa anthu petulo m'dzina la Bahiya?"

"Aa, inunso!" anatero Mayi Wagida. "Wamwa ndani? Chikololere tirigu palibe amene wameza dontho. Timangonamizira."

"Nonse?"

"Ngakhale a imamu."

"Nanga mapemphero aja?"

"Amenewo anali enieni, bambo."

A Zaghloul anapukuta maso ndi mkono wa mkanjo, kenako mkwiyo unabwera. "Anthu oipa inu! Msana wanga kuthyoka m'mawa uliwonse, kani ndimathirira mtengo?" Tinaseka mpaka Shaimaa anagwetsa chingwe chake.

Kuchipatala anapita, titachita kuwakankha, ndipo anabwerako akudzitama kuti adokotala adabwa ndi mphamvu zawo. Mitsuko yatsopano tinagula mosonkherana, msewu wonse. Vuto linatsala la madzi, chifukwa mpopi wapafupi uli kumzikiti, kutsidya kwa ngalande, ndipo mawondo a munthuyu ndi otha. Ndinati ndiziwatengera panjinga. Mwini tukutuku wina, njinga yamoto ya matayala atatu, anati aziwatulira zigubu pakhomo ulere.

Kutacha ndinawaona akubwera kuchokera kumzikiti, ndowa m'manja, akupuma pamtengo uliwonse wamagetsi, mkanjo wanyowa mbali imodzi. Ndinathamanga n'kugwira chogwirira.

"Bweretsani kuno, achimwene, mufa nazo izi."

Sanasiye ndowayo. "Tisanakumbe mjigo, Bahiya ankasenza madzi njira yomweyi, ali ndi mwana m'manja, ine ndikumwa tiyi pakhonde. Sindinamulandirepo ngakhale tsiku limodzi. Chotsa dzanjalo."

Ndinachotsa.