Mawu a Nkhalamba M'kamwa mwa Mwana Wanga

Amene anayamba kundiuza anali mlamu wanga, mlongo wa amuna anga. Chinali chaka chotsatira chija cha chilala, pamene tinadya chimanga chachikasu chathandizo. Anandipeza ndikuchapa, iye ali wefuwefu.

"Mulamu, siyani izo! Mwana wanu mukazi ali na mizimu. Namupeza kuseri kwa chulu yekhayekha, akamba na mau ya mudala. Akalipira ana bake, iye wamene alibe na mwana!"

Mwanayo anali Giredi 11 ku Chongwe, anabwera patchuthi kumudzi kwathu kufupi ndi Kasisi. Bambo ake atamva sanachedwe: "Mabuku yamusokoneza. Sukulu yathera pamenepa."

Ine ndinalekeza Giredi 6, ndipo ndinkadziwa kuwawa kwake. Ndinagwira korona, m'mawa mwake ndinamulondola mwanayo chapatali.

Zinali zoona. Mwana wanga wa mawu ofatsa uja anali atawerama msana, dzanja likunjenjemera pandodo yosaoneka, ndipo pakamwa pake pankatuluka nkhalamba yeniyeni: "Ndinakuberekani kuti mundizenge mlandu?" Ndinagwada m'mapesi n'kutchula Maria mokweza.

Anatembenuka, n'kuseka mpaka misozi. "Amai, ni homuweki!"

Anati m'buku lawo munali nkhalamba imene inagulitsa ng'ombe za banja mobisa, ndiye ana ake akuifunsa. Aphunzitsi anawauza kuti alembe kuti ndi munthu wotani, ndiponso mmene ikupotozera mawu. Powerenga chamumtima sankaimvetsa, n'chifukwa chake anaganiza zoivala thupi.

Ndinamukokera kwa bambo ake, amene ankasula khasu pansi pa mtengo wa mango. "Chita pamaso pawo," ndinatero. Anachita. Mlamu wanga anabisala kumbuyo kwanga.

Kenaka mtsikanayo anawongoka n'kukhalanso mwana wathu. "Mwamvera, atate? Funso lija safuna yankho, afuna ana bazimvere chisoni. Akafika pa ng'ombe athawira ku njala yakale. Niona monga ni kawalala, wakuba wochenjera."

Zaka zonsezi ndinkamva anthu akulankhula pamaliro ndi pamilandu, osadziwa kuti mawu angasendedwe ngati chinangwa n'kuona zamkati. Ndipo wosendayo ndinamubereka ine!

Bambo ake anaika khasu pansi. "Iwe, uyo si kawalala. Ni manyazi. Mwamuna akalephera kudyetsa ana sakamba mowongoka. Lemba izo."

"Aticha bafuna umboni wa mu buku, atate."

"Umboni? Leta buku!"

Anakhala pamphasa awiriwo, mwana akuwerenga ndi kumasulira, bambo akutsutsa. Anapeza pamene nkhalambayo inakana kudya n'kupatsa mdzukulu mbale yake. Amuna anga anamenya ntchafu ngati awina mlandu. Ndiyeno anaponya maso pakhola lathu lomwe chilala chinasiya lopanda kanthu.

"Mukatsegulira sukulu," anatero, "ukauze aticha bako kuti atate bakamba ni manyazi. Unibweretsere yankho."

Ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko, ndinayamika Mulungu. Mwana anabwerera kusukulu ndipo anamaliza.

Amuna angawo anatisiya, akugona kumanda a kwathu. Inu amene mwawerenga izi, mukagwada musatiiwale: mzimu wawo, ana anga ndi adzukulu, ndi ine mayi wawo.